Pakaliyala, Kumbuyo kwa Mwana Wanga

Ndine mkamwini. Ndinakwatira m'mudzi wina kumtunda kwa Bembeke, ndipo ndakhalako mpaka mapichesi amene ndinabzala ndekha ayamba kukalamba. Komabe munda ndi wa akazi anga, bwalo ndi la apongozi, ndipo pa nkhani zikuluzikulu za ana mawu omaliza amakhala a alamu anga, alongo awo a akazi anga, poti eni mbumba ndi iwowo. Changachanga pamudzipo ndi njinga yakapalasa.

Njingayo ndi yakuda, ya kaliyala yowotcherera, yonyamulira matumba a mbatata ya kachewere kupita kumsewu waukulu. Mabuleki ake anatha kalekale. Ndikafuna kuima ndinkaponda tayala lakutsogolo ndi jombo, ndipo ndinazolowera kotero kuti ndinaiwala kuti njinga za ena zimaima mwanjira ina.

Mwana wathu woyamba ndi wamkazi. Ali wamng'ono ankandikwera pamapewa popita kudimba, n'kumandigwira makutu ngati mahandulo. Ankalankhula kuyambira pakhomo mpaka kumadzi. Atatha msinkhu, amayi akuluakulu anamulanga monga mwa mwambo, ndipo kuyambira pamenepo anasintha. Pondipatsa madzi ankagwada chapatali, maso pansi. Nane ndinasiya kumuti iwe, n'kuyamba kumuti inu. Umenewo ndi ulemu ndipo sindikuunyoza. Kungoti mawu athu onse anayamba kudzera mwa amayi ake. Iye ankati, "Muwauze ababa kuti cholembera chatha." Ine ndinkati, "Mumuuze mwana kuti ndamva." Tonse atatu tili pakhonde limodzi.

Ali fomu 2, m'temu ya nyengo yozizira, anasiya kupita kusukulu. Lero mutu, mawa m'mimba. Amayi ake anakalipa mpaka mawu anasasa, koma mwana kusukulu sanapite. Kenaka kunabwera alamu, munthu wathupi, wokonda jekete ngakhale popita kukhola.

"Alamu, mwanayu mukumulekerera," anatero. "Mutu wanji wopweteka m'mawa wokha, dzuwa likakwera n'kupola? Mumulawitse mkwapulo, alankhula."

Ndinati mkwapulo ndiusiye kaye.

"Chabwino. Koma temu ino ikatha asanabwerere m'kalasi, ndimutumiza ku Lilongwe, akalere ana kwa msuweni wathu. Pano asamangodya."

Atsikana opita kutauni kukalera ana ndawaonapo akubwera. Ena amabwera ndi chikwama, ena ndi mwana kumsana, koma wobwera ndi satifiketi sindinamuonepo. Ndinadziwa kuti ndiyenera kumva chimene chamuchotsa mwana kusukulu temu isanathe. Koma ndikanamva bwanji kwa munthu amene sitilankhulana?

Lamulungu lotsatira, Misa itatha, analengeza kuti kwabwera maphunziro a makolo ndi ana awo achinyamata, othandiza kuti ana asamachitiridwe nkhanza. Kholo limodzi, mwana mmodzi, kamodzi pa sabata, m'kalasi ya kupulayimale. Tsiku lake linagundana ndi tsiku limene akazi anga amagulitsa ndiwo zamasamba kumsewu.

"Mupite inuyo," anatero. "Si paja munafika fomu folo? Kabichi wanga sadzigulitsa yekha."

"Zimenezo n'za amayi."

"Anena kuti kholo. Kodi inu ndinu mlendo?"

"Ndine mkamwini."

"Mkamwini wobereka. Sambani mupite."

Tinapita, ine patsogolo, mwana kumbuyo kwambiri, ngati anthu awiri amene angokumana panjira. M'kalasimo munadzaza amayi ndi ana awo. Amuna tinalimo awiri, ine ndi mkulu wina amene anamva molakwika kuti kukugawidwa feteleza. Atazindikira kuti feteleza kulibe anachita manyazi kutuluka, ndipo anamaliza nafe maphunziro onse pamodzi ndi mdzukulu wake. Madesiki anali a ana a sitandade 3. Maondo anga anakana kulowa, ndiye ndinakhala chammbali.

Wotiphunzitsa anali mayi wachitsikana wa m'dera lathu lomweli, amene tinkangomuti alangizi. Anayamba n'kutiimiritsa kuti titambasule thupi. Manja m'mwamba, tinakweza. Khosi uku ndi uku, tinapotoza. Atati tigwedeze chiuno, ine ndinagwedeza mapewa, popeza mwana wanga anali m'chipinda chomwecho. Mkulu wa feteleza uja anagwedeza chiuno ndi mtima wonse, mpaka amayi anamuimbira m'manja.

Zimene anatiphunzitsa sizinali zozama. Ukapsa mtima, yamba wapuma mpweya usanatsegule pakamwa. Mwana akachita bwino, muuze. Tinkachitanso timasewero, ana kukhala makolo, makolo kukhala ana, ndipo ana aja ankatitsanzira molondola moti zinkaseketsa n'kumapweteka nthawi yomweyo. Koma mawu amene anandikhala anali ena. Alangizi anati munthu wofuna kuononga mwana amasankha mwana amene akudziwa kuti sangakanene kwawo. Anati mkwapulo umaphunzitsa mwana kubisa. Ndinayang'ana mwana wanga. Iye ankayang'ana desiki.

Ntchito yoyamba yokachita kunyumba inali kuyamikira mwana. Ine ndine munthu wosamala, ntchito ndikapatsidwa ndimaichita. Madzulo omwewo ndinaitana akazi anga.

"Mumuuze mwana kuti wasesa bwino pabwalo."

"Akuti wasesa bwino pabwalo," anafuula akazi anga osatembenuka n'komwe.

"Muwauze kuti zikomo," anayankha mwana ali kukhitchini.

Ndinagona wokhutira. Sabata yotsatira aliyense ankafotokoza mmene ntchito inayendera, ndipo nane ndinaimirira n'kufotokoza zanga mwadongosolo. Ndisanamalize, kalasi yonse inali itagwa ndi phwete. Mayi wina anachita kutuluka panja kukapukuta misozi. Alangizi anadikira kuti phokoso lichepe.

"Bambo, kuyamikira kulibe ankhoswe. Mukanene nokha, pakamwa panu, iye akumva."

Ndinayesanso. M'mawa wina wa chifunga mwana anabwera ndi madzi osamba kumaso, n'kugwada chapatali monga mwa masiku onse. Ndinakonza kukhosi.

"Inu, madziwa ndi ofunda bwino. Mumadziwa kufunditsa madzi."

Anadzutsa mutu, n'kundiyang'ana kwa nthawi yoyamba m'zaka, kenaka anathamangira kuseri kwa nyumba. Ndinamumva akunong'oneza amayi ake kuti, "Ababa akudwala." Akazi anga anabwera n'kundigwira pachipumi.

"Mwamwa m'mawa uno?"

"Ndikuchita homuweki."

"Nanga ine amene ndakhala ndikukufunditsirani madzi zaka zonsezi, homuweki yanga idzafika liti?"

Ndinati ndikafunsa alangizi.

Masabata ankapita. Kumaphunziro mwana sankajomba, koma kusukulu sankapitabe. Alamu akandiona panjira ankangoloza kumpoto, kumene kuli Lilongwe.

Kenaka tinapatsidwa ntchito imene alangizi anaitcha nthawi ya awiri. Kholo ndi mwana achite chinthu limodzi, koma wosankha akhale mwana. Malamulo a kholo anali omveka. Osalamula, osaphunzitsa, osafunsa za sukulu. Alangizi anandiyang'ana ine ponena zimenezi.

"Makamaka inu, bambo. Mukangotsatira basi."

Pobwerera ndinayenda pang'onopang'ono kuti mwana andipeze, iye n'kuchepetsanso liwiro kuti asandipeze. Mapeto ake ndinaima n'kufunsa mtengo wa paini umene unali patsogolo panga.

"Kodi mwasankha chiyani?"

Kumbuyo kunachokera mawu aang'ono. "Njinga."

"Chabwino. Ndikunyamulani mpaka kumishoni."

"Ayi. Ndipalase ine. Inu mukhale pakaliyala."

Sindinkadziwa n'komwe kuti amatha kupalasa. Ndinamva pambuyo pake kuti anaphunzirira pa njinga ya mnzake kusukulu. Ndinafuna kukana, koma wosankha anali iye.

Linali Lamulungu masana, kunja kukuwomba kamphepo kathu kozizira kaja. Ndinali nditavula nsapato zakutchalitchi n'kuvala patapata. Vuto loyamba linali kakhalidwe. Mwamuna amakhala pakaliyala motangadza, koma kutangadza kumbuyo kwa mwana wako wamkazi wamkulu n'kosayenera. Ndinakhala chammbali, miyendo yonse mbali imodzi, ngati mayi. Vuto lachiwiri linali pogwira. M'chiuno mwake sindikanagwira. Ndinapisa zala pansi pa chishalo n'kugwira masipuling'i.

Tinanyamuka modzandira, kenaka njinga inawongoka. Ankapalasa bwino kuposa mmene ndinkaganizira. Njira yathu imadutsa pagolosale, pamene amuna amasewera bawo Lamulungu. Bawo inaima.

"Akamwini, mukupita kusikelo?" anafunsa wina.

"Yafika miyezi ingati?" anawonjezera mnzake.

Ndinawavulira chipewa ndi dzanja limodzi, mwaulemu, ngati bishopu ali pagalimoto. Pamjigo amayi anasiya kupopa madzi. Ndinaona mapewa a mwana wanga akugwedezeka, koma sindinadziwe ngati akuseka kapena akulimbana ndi kulemera kwanga.

Kupitirira mjigo pali mphambano. Njira yakumanzere ndi yosalala, yopita kumishoni. Yakumanja imatsetsereka phiri lonse mpaka kumadimba. Iye anakhotera kumanja.

Apa m'pamene ndinakumbukira za mabuleki. Koma ndinakumbukiranso alangizi. Kodi kuuza mwana kuti njinga ilibe mabuleki ndi kuphunzitsa? Kapena ndi kulamula? Mwina ndi kungodziwitsa, kumene sanakuletse. Koma ukadziwitsa, ndiye kuti ukufuna abwerere, ndipo kumeneko ndi kulamula kobisika. Ndinali ndikuyezabe nkhaniyo mbali zonse pamene njinga inagamula yokha.

Ndinamva timawaya tikulira pamene ankafinya zogwirira.

"Ababa, mabuleki."

"Kulibe."

"Nanga inu mumaima bwanji?"

"Ndi jombo."

"Jombo zili kuti?"

"Kunyumba."

Mitengo ya paini inayamba kudutsa ngati ikuthawa moto. Mphepo inanditsegula jekete.

"Ndiye titani?"

"Wosankha ndinu. Ine anandiletsa kulamula."

Pamenepo anaseka. Sanaseke mwaulemu, mobisa pakamwa ndi chitenje. Anaseka chikhakhali chija cha ali wamng'ono, chimene ndinkachimva pamwamba pa mutu wanga popita kudimba. Njinga inadzandira nacho.

Ndinatsitsa mapazi kuti ndikhwekhwereze pansi. Patapata yoyamba inauluka. Yachiwiri inatsatira mnzake. Chipewa chinapita kwake. Chinthu chokha chimene chinkagwira ntchito panjingapo chinali belu, ndipo mwana ankaliliza mosalekeza. Mbuzi inadumphira m'munda wa nyemba. Mayi wina wosenza nkhuni anaima pambali n'kudzilemba chizindikiro cha mtanda. Tikagunda mwala ndinkanyamuka pakaliyala n'kubwererapo mochedwa. Ndinamva munthu akukuwa mokondwa ngati mwana pa katungwe, ndipo patapita kanthawi ndinazindikira kuti munthuyo ndinali ine.

Kumunsi njira imakhota kupita pa kamlatho ka mitengo. Ife sitinakhote. Tinaboola mpanda wa udzu n'kulowa m'dimba lothiriridwa kumene. Tayala linamira m'dothi, njinga inaima, ife tinapitirira.

Ndinagwa chagada pakati pa kabichi. Nditatsegula maso ndinaona mapazi awiri amatope ndi kheni yothirira. Mapaziwo ndinkawadziwa, chifukwa kwa zaka zonse za ukwati wanga ndiwo mbali yokha ya apongozi imene ndinkaloledwa kuyang'ana. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anizana. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo moni mumapatsana mutanjuta, patali, nkhope zitaloza kwina. Tsopano ndinali nditagona pamapazi pawo, wopanda nsapato, tsamba la kabichi lili pakhutu.

Apongozi sanaphonye mwambo. Anatembenukira kuphiri, ananjuta, n'kulankhula ndi phirilo.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

Nane ndinatembenuza nkhope kuloza kumadzi. "Ndaswera bwino, kaya inu amayi."

"Taswera. Kodi n'kwabwino?"

"N'kwabwino. Timangodutsa."

"Dutsani, bambo."

Ponjuta anaiwala kuwongola kheni, ndiye nthawi yonse ya malonjeyo madzi ankathirira miyendo yanga. Sindikanawauza, ndipo iwo sakanayang'ana. Mwana wanga anali atagona pamzere wa tomato, atagwira pamimba, akulephera kupuma ndi kuseka. Msana wa apongozi nawo unayamba kunjenjemera. Ndinadzuka, ndinawomba m'manja kuyang'ana kumadzi, n'kukazula njinga.

Palibe amene anavulala kupatula kabichi. Tcheni chinali chitagwa ndipo mahandulo anapindika, choncho kukwera phiri kunali kokankha. Mwana anagwira mahandulo patsogolo, ine ndinakankha pakaliyala, wosavala kumapazi. Tikayenda pang'ono iye ankati "Timangodutsa," kuseka n'kuyambiranso, mpaka tinkaima kuti tipume.

Chapakati pa phiri, pamene njira imadutsa m'mapaini, kuseka kunatha. Kenaka analankhula, nkhope ili kutsogolo.

"Ababa, musandiyang'ane."

"Ndikuyang'ana tayala."

Anandiuza. Panali bambo wina wa kabaza wa njinga yamoto, wapabanja, wa msinkhu woyandikira wanga. Tsiku lina la mvula ananyamula iye ndi mnzake ulere kuwafikitsa kusukulu. Anateronso kangapo. Kenaka anayamba kumunyamula yekha. Tsiku lomaliza anapatuka pamsewu n'kulowa kanjira ka m'nkhalango, anaimitsa njinga n'kumugwira mkono. Mwana anadzipulumutsa n'kuthawa, chikwama n'kuchisiya komweko. Kuyambira pamenepo bamboyo ankamudikira pamlatho wa panjira ya kusukulu. Anamuuza kuti akanena, iye adzati mtsikanayo ndiye ankamufuna, ndipo anthu adzakhulupirira chifukwa onse ankamuona pa njinga yake.

"Ndinkaopa kuti mundimenya," anatero. "Ndinkaopa kuti amalume anena kuti ndinazifuna ndekha."

Mawu onsewa anawauza mahandulo. Atagwada pamaso panga sakanawatulutsa. Panafunika kuti andipatse msana.

M'mutu mwanga munabwera chikwanje chimene chimakhala kuseri kwa chitseko. Ndinachiona bwinobwino, ndi chigwiriro chake chomangidwa ndi mphira. Pakamwa panabweranso funso loti, nanga munkakwereranji? Ndinachita zimene tinkaseka m'kalasi muja. Ndinakoka mpweya, ndinautulutsa, ndinakokanso. Fungo la paini ndi matope. Funso lija linabwerera kumene linachokera.

"Mwachita bwino kundiuza," ndinatero. "Mlandu si wanu."

Anapitiriza kukoka njinga, akulira, ndipo ine ndinapitiriza kukankha, ndikuyang'ana tayala monga ndinalonjezera.

Tili pafupi ndi mphambano ndinamufunsa amene angalole kuti timuuze. Anati amayi ake, ndi alangizi.

"Nanga amalume anu? Za ku Lilongwe zili m'manja mwawo."

"Amalume ndikagwada pamaso pawo mawu amathawa."

"Ndiye musagwade," ndinatero. Sindikudziwa ngati kumeneko kunali kulamula.

Akazi anga analira atamva, n'kumukumbatira mwana nthawi yaitali. Kenaka anandiyang'ana kumapazi n'kufunsa kumene kunali patapata, ndipo nditawafotokozera za kudimba anakhala pansi n'kuseka misozi ikadali m'masaya. Alangizi anatiuza kuti m'dera lathu muli komiti yoteteza ana, ndipo ndi yomwe imadziwa kopita ndi nkhani zotere. Anatinso mwana asakakamizidwe kufotokoza pagulu. Koma tonse tinkadziwa kuti mbumba ikamapita kukadandaula mwini wake ali kumbali, nkhani imayenda ndi mwendo umodzi.

M'mawa mwake ndinakankha njinga mpaka kwa wokonza njinga. Anawongola mahandulo, n'kuika mabuleki atsopano kutsogolo ndi kumbuyo. Za kudimba anali atazimva kale. Anandifunsa ngati ndikufunanso lamba womangira pakaliyala.

Alamu anabwera temu itatsala pang'ono kutha. Tinawaikira mpando pabwalo. Anakhala, anakonza jekete, n'kufunsa ngati mwana walongedza.

"Alamu," ndinatero, "mwana ali ndi mawu oti akuuzeni. Koma simungawamve muli pampando."

"Ndiwamvere pati?"

Mwana anatuluka kuseri kwa nyumba akukankha njinga. Anaima patsogolo pawo, osagwada, maso ali pa belu.

"Amalume, kwerani."

Alamu anayang'ana njinga, anayang'ana ine, anayang'ana mlongo wawo.

"Alamu, sukulu yanu ija ikukuphunzitsani misala. Ine mwini mbumba ndikhale pakaliyala ngati thumba la mbatata?"

"Thumba la mbatata silidandaula," anatero akazi anga.

"Iwe khala chete. Ndamva zimene zinachitikira kabichi wa amayi."

"Mabuleki ndi atsopano," ndinatero.

Kuseri kwa nkhokwe kunachokera mawu a apongozi, amene anabisala kumeneko chifukwa ine ndinali pabwalo.

"Kwera, iwe. Mlamu wako anakwera ndipo sanafe. Koma mulowere kumishoni, kudimba kwanga ayi."

Munthu angakhale mwini mbumba, koma amayi ake ndi amayi ake. Alamu anadzuka. Anayesa kutangadza, anazindikira vuto limene ndinalipeza ine, n'kukhala chammbali. Anafunafuna pogwira. Ndinawalozera masipuling'i. Tayala lakumbuyo linaphwatalala, mwana anaimirira pa mapedulo, ndipo ananyamuka pang'onopang'ono ngati ngolo ya manyowa. Tinawamva akudutsa pagolosale, chifukwa kunabuka phokoso ngati kwagoletsedwa chigoli.

Anakhalitsa. Akazi anga anasesa pabwalo posesedwa kale. Ine ndinakhala pampando wa alamu, kenaka ndinachokapo.

Pobwera, mwana anali patsogolo atagwira mahandulo, alamu kumbuyo akukankha, chipewa chili m'manja. Nkhope yawo inali ina. Anafika n'kuima pamaso panga, ndipo kwa kanthawi ndinaganiza kuti nawonso akuona chikwanje.

"Alamu, pumani kaye mpweya," ndinatero. "Zimathandiza."

Anandiyang'ana moipidwa, koma anapuma. Mimba inakwera, inatsika.

"Valani jekete," anatero. "Tikupita kwa a komiti."

Za ku Lilongwe sanazitchulenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Zimene zinachitika kukomiti ndi kupolisi si zanga kulemba, chifukwa zikukhudzanso ana a eni. Ndingonena kuti wathu atalankhula, kunapezeka kuti sanali yekha, ndipo bambo uja sakupezekanso pasiteji ya kabaza kapena pamlatho. Mwana anabwerera kusukulu temu isanatsekedwe. Masiku oyamba tinkamuperekeza mosinthana, ine ndi alamu. Tsopano amapita pa njinga, atanyamula mnzake pakaliyala. Mbatata yanga imadikira Loweruka, kapena imakwera ngolo ya aneba.

Pa tsiku lotsekera maphunziro anatiuza kuti banja lililonse lifotokoze chimene laphunzira. Mkulu wa feteleza analankhula nthawi yaitali ndipo anamaliza ndi kuvina. Ine ndinati ndaphunzira kuti ngati njinga ilibe mabuleki, kunena si kulamula. Alangizi anagwira kumutu.

Kunyumba ulemu ukadalipo. Mwana amagwadabe pondipatsa madzi, ndipo ine ndimamutibe inu. Koma pena Lamulungu masana ndimamva belu likulira pabwalo. Ndikatero ndimatenga chipewa, n'kuvala jombo ngakhale mabuleki alipo, n'kukakhala chammbali pakaliyala. Amuna a pabawo anatopa nazo zofunsa za sikelo, masiku ano amangokweza dzanja. Nthawi zina nkhani yake imakhala ya masamu, nthawi zina ya mnzake amene wayamba kujomba, nthawi zina palibe nkhani, angofuna kutsetsereka phiri. Ine ndimamvera msana wake.

Patapata imodzi inapezeka nthawi yokolola nyemba. Anaitola ndi apongozi, anaitsuka, n'kuitumiza kudzera mwa akazi anga, ndi uthenga woti inzake akuifunabe.